Msonkho wa ku America: bokosi loyenera kuchonga pa fomu 1040 pamene ena a m'banja ali kumudzi

Januwale akamatha, aliyense wolembedwa ntchito ku America amalandira kapepala ka W-2, kosonyeza ndalama zimene analandira chaka chathacho ndi msonkho umene anadulidwa. Kuyambira pamenepo mpaka pa 15 Epulo ndi nyengo yodzaza fomu 1040, fomu ya msonkho wa pachaka wa munthu. Pamwamba pa fomuyo, musanalembe ngakhale dola imodzi, pali mabokosi asanu oti muchongepo limodzi: Single (wosakwatira), Married filing jointly (apabanja olemba pamodzi), Married filing separately (wapabanja wolemba payekha), Head of household (mutu wa banja) ndi Qualifying surviving spouse (woferedwa mwamuna kapena mkazi). Bokosi limene mwachongalo amalitcha filing status, ndipo zina zonse zimatsatira ilo: ndalama zimene sizidulidwa msonkho, mlingo wa msonkho pa zotsalazo, ndi thandizo la ana kapena la sukulu limene mungapemphe.

Kwathu funso limeneli sitinalizolowere. Abwana amadula PAYE n'kupereka ku MRA, ndipo mphunzitsi wokwatira ndi mnzake wosakwatira akamalandira mofanana amadulidwanso mofanana. Ku America anthu awiri a malipiro ofanana akhoza kusiyana msonkho ndi madola pafupifupi 2,000 chifukwa cha bokosi lokhali. Mpake kuti ambiri amakopeka kuchonga limene libweretse refund yonona, kutanthauza ndalama za msonkho zimene boma limabweza. Koma malamulo ndi amene amakuikani m'gulu, potengera mmene moyo wanu unalili chaka chimenecho. Mwayi wosankha umakhalapo pokhapokha ngati mukukwanira m'magulu awiri.

Choyamba: kodi fomu 1040 ndi yanu?

Musanafike pa mabokosi aja, dziwani ngati a IRS, bungwe lotolera misonkho ku America, amakuonani ngati resident (wokhala m'dzikomo) kapena nonresident (wosakhala m'dzikomo). Izi n'zosiyana ndi nkhani ya ku immigration. Amene ali ndi green card ndi resident. Amene alibe amawerengeredwa masiku: akhale kuti anakhala m'dzikomo masiku osachepera 31 m'chaka chimenecho, ndipo akaphatikiza masiku onse a chakacho, gawo limodzi mwa magawo atatu a masiku a chaka chapitacho, ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a chaka cha dzana, zikwane 183. Ngakhale munthu amene viza yake inatha akakwanitsa masiku amenewa ndi resident pa nkhani ya msonkho.

Ophunzira a viza ya F-1 masiku awo sawerengedwa kwa zaka zisanu zoyambirira. Iwowa amadzaza 1040-NR pamodzi ndi fomu 8843, ndipo Head of household kapena kulemba pamodzi ndi mkazi wawo sizimawakhudza. Amene mwangofika kumene pakati pa chaka, monga opambana DV lottery, chaka choyambacho chimagawika pawiri, miyezi ina muli nonresident, ina resident, ndipo chili ndi malamulo akeake amene ali m'kabuku ka IRS kotchedwa Publication 519. Chaka chimenecho musadzaze nokha mothamanga. Zotsatirazi ndi za amene anali resident kapena nzika chaka chonse.

Chachiwiri: pa 31 Disembala munali pabanja kapena ayi?

Tsiku limodzi limeneli ndi limene limaimira chaka chonse. Mukamanga ukwati pa 28 Disembala, a IRS amati munali pabanja kuyambira Januwale. Khoti likathetsa ukwati wanu pa 30 Disembala, ndinu wosakwatira chaka chonsecho.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa kupatukana. Kusiyana nyumba, kusalankhulana zaka zitatu, ngakhale ankhoswe atakhala pansi n'kuvomereza kuti banja latha, zonsezi sizithetsa ukwati pamaso pa IRS. Chimene amayang'ana ndi chigamulo cha khoti, chothetsa ukwati kapena cholekanitsa awiriwo mwalamulo. Popanda chimenecho mukadali pabanja, ndipo bokosi la Single si lanu.

Nanga ukwati wa kumudzi? Lamulo la maukwati la ku Malawi la chaka cha 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, komanso wa chikhalidwe. A IRS kawirikawiri amalemekeza ukwati umene ndi wovomerezeka kumene unachitikira. Tsono bambo amene anachita chinkhoswe ku Ntcheu, mkazi n'kutsala ku Lilongwe iye ali ku Indiana, asamadzinamize kuti poti pano amagona yekha ndiye kuti ndi Single. Mbali inayo, chibwenzi chokhalira nyumba imodzi si ukwati, ngakhale mutabereka ana, kupatula m'zigawo zochepa monga Texas ndi Colorado zimene zimavomereza ukwati wa anthu ongolowana amene amadziwika poyera ngati banja.

Ngati simunali pabanja, mulibe mwana kapena wachibale amene mukumusunga, ndipo simunaferedwe posachedwa, nkhani yanu yathera pomwepa: chongani Single.

Chachitatu: apabanja, pamodzi kapena payekhapayekha?

Kwa mabanja ambiri kulemba pamodzi ndi kumene kumachepetsa msonkho, makamaka ngati mmodzi amalandira zambiri kuposa mnzake. Mumaphatikiza ndalama zanu pa fomu imodzi ndipo nonse mumasaina. Koma walira mvula walira matope: kusaina kumeneko kukutanthauza kuti aliyense wa inu ali ndi mlandu pa msonkho wonse wa pa fomuyo. Bambo akabisa ndalama zimene anapeza poyendetsa Uber, a IRS akhoza kudzalonjerera ngongoleyo kwa mayi, ngakhale ukwati utatha kalekale. Pali fomu 8857 yopempha kuti akuchotsereni mlandu wa mnzanu, koma muyenera kusonyeza kuti simunkadziwa, ndipo si nkhani ya sabata imodzi.

Kulemba payekhapayekha kumakutetezani ku zimenezo, koma n'kodula. Thandizo la fizi ya kukoleji limatayika, chiwongoladzanja cha ngongole ya sukulu simungachichotsere, thandizo la ndalama zolipira wolera ana nthawi zambiri limakanidwa, ndipo Earned Income Tax Credit, thandizo la ogwira ntchito a malipiro ochepa, imaperekedwa kwa okhawo amene anapatukanadi ndipo akukhala ndi mwana. Komanso mmodzi akasankha kuwerengera zochotsera zake chimodzichimodzi, winayo sangatengenso standard deduction, gawo loikika la ndalama limene silidulidwa msonkho. Amene mukukhala ku Texas, Washington, California, Arizona, Nevada, New Mexico, Idaho, Louisiana kapena Wisconsin muli ndi chipsinjo china: kumeneko malipiro a apabanja amatengedwa kuti ndi a onse awiri, choncho ngakhale mulembe padera, mumagawana pakati pa fomu 8958.

Ine ndimaona kuti kulemba payekha kuli ndi nzeru pa zifukwa zochepa: ngati simukukhulupirira zimene mnzanu akulemba, ngati banja lili m'khoti, kapena ngati ngongole yanu ya sukulu mumabweza molingana ndi malipiro anu ndipo kuphatikiza kungakweze zobweza pamwezi. Ngati vuto ndi lakuti mnzanu ali ndi ngongole yakale ya boma kapena ya chisamaliro cha ana a ukwati woyamba, ndipo mukuopa kuti refund yonse ilandidwa, simukufunika kulekana mafomu. Lembani pamodzi n'kuikapo fomu 8379, gawo lanu lidzabwera.

Chachinayi: mkazi kapena mwamuna wanu ali kumudzi

Apa m'pamene pagona nkhani kwa ambiri a ife, ndipo njira zilipo zitatu.

Yoyamba ndi Married filing separately. Mumalemba dzina la mnzanuyo, ndipo ngati alibe nambala ya Social Security kapena ITIN (nambala ya msonkho ya anthu opanda ya Social Security), mumalemba zilembo zakuti NRA (nonresident alien) pamalo pake. Ndalama zimene iye amapeza ku Malawi sizilowa pa fomu yanu. Ndi njira yosavuta, koma msonkho wake ndi wokwera. Mapulogalamu ena a pa kompyuta amakana kutumiza fomu yopanda nambalayo pa intaneti. Zikatero isindikizeni, musaine, muitumize pa positi. Musasinthe n'kuchonga Single pofuna kuti kompyuta ivomere.

Yachiwiri ndi kusankha kuti mnzanuyo azionedwa ngati resident ngakhale sanapondepo ku America, kuti mulembe pamodzi. Mumalemba kalata yaifupi yonena kuti pa 31 Disembala mmodzi wa inu anali nonresident, winayo nzika kapena resident, ndipo nonse mwasankha kuonedwa ngati resident chaka chonse. Pakhale mayina, maadiresi ndi manambala anu, ndipo nonse awiri musaine. Mnzanuyo amafunika ITIN, imene amapempha pa fomu W-7. Chikalata chokhacho chimene chimakwanira pachokha ndi pasipoti, yeniyeniyo kapena kope yotsimikizidwa ndi ofesi imene inaipereka. Fotokope wamba yodindidwa ndi loya wa m'tauni saivomera. Amene safuna kuika pasipoti pa positi amadzera kwa anthu ovomerezedwa ndi IRS otchedwa Certifying Acceptance Agent. Fomu 1040, kalata ija ndi W-7 zimapita limodzi ku Austin, Texas, ndipo m'nyengo ya misonkho yankho limatha kutenga miyezi iwiri kapena kuposerapo. Yambani kukonza mapepala mu Januwale, poti siginecha yochokera ku Mzuzu sifika tsiku limodzi.

Musanasangalale ndi njira imeneyi, dziwani mtengo wake. Ndalama zonse zimene mnzanu amapeza kulikonse zimalowa pa fomu ya ku America: malipiro a kuntchito, lendi ya nyumba ya ku Area 25, phindu la shopu. Muzisinthe kukhala madola n'kuzilemba. Msonkho umene analipira kale ku MRA mukhoza kuuchotsera pa fomu 1116, ndipo malipiro a ntchito yogwirira kunja amatha kuchotsedwa pa fomu 2555. Kwa mayi amene sali pantchito kapena amalandira malipiro a boma a kwathu, kulemba pamodzi kumapindulabe kwambiri. Kwa amene ali ndi bizinesi yaikulu, werengerani kaye. Chisankhochi chimapitirira chaka ndi chaka mpaka mutachithetsa, ndipo mukachithetsa simungadzachipangenso. Komanso ngati mmodzi wa inu ali ndi ITIN m'malo mwa nambala ya Social Security, Earned Income Tax Credit iwalani.

Yachitatu ndi Head of household, imene imatheka ngati muli ndi mwana kapena wachibale woyenera amene mukukhala naye kuno. Lamulo limati munthu amene mkazi kapena mwamuna wake ndi nonresident, ndipo sanapange chisankho chija, akhoza kuonedwa ngati wosakwatira pa bokosi limeneli. Mayi wogwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku South Bend, amene akukhala ndi mwana wake wa zaka 9 bambo akudikira viza ku Blantyre, akhoza kuchonga Head of household. Bambo amene ali yekha ku Seattle, mkazi ndi ana onse ali ku Zomba, sangachonge.

Chachisanu: Head of household ndi mayeso ake atatu

Bokosi ili limachongedwa molakwika kawirikawiri, ndipo a IRS amaliyang'anitsitsa. Kusamala anthu khumi kumudzi sikukulowetsani m'gululi. Pamafunika zinthu zitatu, zonse pamodzi.

Mukhale wosakwatira pa 31 Disembala, kapena woonedwa ngati wosakwatira. Kupatula nkhani ya mnzanu wa kunja ija, wapabanja amaonedwa choncho ngati akulemba payekha, mwamuna kapena mkazi wake sanakhale m'nyumbamo miyezi isanu ndi umodzi yomaliza ya chaka, ndipo mwana wake amene amamuwerengera pa fomu wakhala naye kuposa theka la chaka. Bambo akachoka mu Ogasiti, chaka chimenecho sichikwana. Ayenera kuti anachoka Julaye asanayambe. Ndipo kuchokapo chifukwa cha ntchito, sukulu kapena matenda, pamene akuyembekezeka kubwerera, sikuwerengedwa ngati kupatukana.

Mukhale kuti munalipira kuposa theka la ndalama zoyendetsera nyumba. Tengani pepala mulembe lendi kapena chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba, msonkho wa nyumba, inshuwalansi ya nyumba, magetsi, madzi, gasi, zokonzetsa, ndi chakudya chodyera pakhomopo. Zovala, fizi, chipatala, galimoto ndi maulendo sizilowa. Ngati zonse pamodzi zinakwana madola 24,000, zanu zipitirire 12,000. Nyumba imodzi singakhale ndi anthu awiri amene aliyense analipira kuposa theka, choncho bambo ndi mayi osakwatirana okhala limodzi ndi ana awo sangachonge onse awiri.

Pakhale munthu woyenera amene munakhala naye kuposa theka la chaka. Mwana wanu, mwana wopeza, mdzukulu, mng'ono wanu, mlongo wanu wamng'ono, mwana wa achimwene kapena wa achemwali, onsewa amalowa ngati sanakwane zaka 19, kapena 24 ngati ali pasukulu nthawi zonse, kapena msinkhu uliwonse ngati ali ndi ulumali wokhalitsa. Mwana amene ali kukoleji ku chigawo china amawerengedwa kuti akukhalabe pakhomo. Msuweni salowa. Chibwenzi sichilowa, ngakhale mukuchidyetsa ndi kuchiveka chaka chonse.

Makolo okha ndi amene safunika kukhala nanu nyumba imodzi, bola mukhale kuti mumalipira kuposa theka la nyumba yawo ndipo mumawawerengera pa fomu ngati odalira inu. Anthu akamva zimenezi amakumbukira mayi awo ku Dedza, amene anawamangira nyumba ya malata ndipo amawatumizira ndalama mwezi ndi mwezi. Pepani, sizitheka. Munthu woti mumuwerengere ayenera kukhala nzika ya America, resident wa America, kapena wokhala ku Canada kapena Mexico. Mayi a ku Dedza, ana amasiye a malemu achimwene, mwana wanu weniweni amene ali ku sekondale ku Malawi ndipo sanabwerepo kuno, onsewa sawerengedwa, ngakhale mutasunga malisiti onse a Mukuru ndi Western Union. Lamuloli ndi lowawa kwa anthu ngati ife amene theka la malipiro limawoloka nyanja, koma ndi mmene lilili. Mwana wobadwira ku America amene munamutumiza kwa agogo ake ndi nzika ndithu, koma poti simunakhale naye kuposa theka la chaka, sakupatsani Head of household.

Makolo olekana, bokosili ndi la amene mwana anagona kwake masiku ambiri. Mayi akhoza kusainira bambo fomu 8332 kuti atenge thandizo la ana la Child Tax Credit, koma Head of household imatsala kwa mayiyo. Kubwerekana ana, zoti chaka chino mwana wanga mumulembe inu tidzagawane, n'kuitana mavuto. Nambala ya mwana ikaoneka pa mafomu awiri kalata imabwera, ndipo wopezeka kuti ananyalanyaza malamulo dala amaletsedwa thandizo la ana zaka ziwiri, wachinyengo zaka khumi.

Chachisanu ndi chimodzi: oferedwa

Chaka chimene mwamuna kapena mkazi wanu wamwalira mukhoza kulembabe pamodzi, ngati simunakwatirenso chakacho chisanathe. Zaka ziwiri zotsatira, ngati muli ndi mwana wanu kapena wopeza amene akukhala nanu chaka chonse, ndipo mukulipira kuposa theka la nyumba, chongani Qualifying surviving spouse. Msonkho wake ndi wofanana ndi wa olemba pamodzi. Woferedwa mu 2023 amalemba pamodzi za 2023, n'kugwiritsa bokosili pa 2024 ndi 2025. Zikatha zimenezo amapita ku Head of household ngati mwana akadalipo.

Chachisanu ndi chiwiri: werengerani musanasankhe

Pa chaka cha 2024 standard deduction inali madola 14,600 kwa Single ndi kwa wolemba payekha, 21,900 kwa Head of household, ndi 29,200 kwa olemba pamodzi. Pa 2025 inakwera kufika 15,750, 23,625 ndi 31,500. Manambalawa amasintha chaka chilichonse, choncho onani a chaka chanu mu Publication 501.

Titenge munthu amene analandira madola 50,000 mu 2024. Ngati ndi Single kapena wapabanja wolemba payekha, msonkho umawerengedwa pa 35,400, ndipo umakwana pafupifupi 4,020. Ngati ndi Head of household, umawerengedwa pa 28,100 n'kukwana pafupifupi 3,040. Ngati walemba pamodzi ndi mkazi amene sanapeze ndalama iliyonse, umawerengedwa pa 20,800 n'kukwana pafupifupi 2,080. Apa thandizo la ana tisanaikepo. Bambo wa ku Seattle uja akaona kusiyana kwa 4,020 ndi 2,080 amvetsa chifukwa chake chintchito cha W-7 chili choyenera kuchivutikira.

Ngati mukukwanira m'magulu awiri, dzazani fomu kawiri pa kompyuta, osatumiza, muone zotsatira. Onaninso msonkho wa chigawo chanu, poti zigawo zambiri zimafuna bokosi lomwelo limene mwachonga ku IRS. Pa webusaiti ya IRS pali mafunso otchedwa Interactive Tax Assistant amene amakuuzani gulu lanu mukayankha moona.

Musanasaine

Mafomu a msonkho samathera ku IRS. Mukamaitanitsa mkazi wanu pa I-130, fomu ya I-864 yolonjeza kumusamala imafuna msonkho wanu wa chaka chaposachedwa. Pochotsa malire pa green card ya ukwati, mafomu olemba pamodzi ndi umboni woti banjalo ndi lenileni. Pofunsira unzika amayang'ananso misonkho. Munthu amene wauza a immigration kuti anakwatira mu 2019, koma zaka zonsezi wakhala akuchonga Single kapena Head of household popanda mwana, adzafunsidwa kuti zoona ndi ziti. Refund ya madola 1,000 siyenera kukuikani pa mpando umenewo.

Ngati wina akukudzazirani, onani tsamba loyamba ndi maso anu. Wodzaza molipidwa ayenera kusaina ndi kulemba PTIN, nambala imene a IRS amapatsa odzazira anthu mafomu. Amene akukana kusaina, kapena amene malipiro ake amadalira kukula kwa refund yanu, kapena amene wakuchongerani Head of household asanakufunseni kuti mwanayo amagona kuti, musiyeni ngakhale akhale wa kwanu kapena wa mpingo wanu. Mlandu umakhala wa mwini fomu. A malipiro ochepa ndi apakati akhoza kuthandizidwa ulere ku malo a VITA, amene amapezeka m'malaibulale ndi m'makoleji ambiri nyengo ya misonkho.

Zolakwika za m'mbuyo zimakonzedwa pa fomu 1040-X. Amene munalemba payekhapayekha muli ndi zaka zitatu kuchokera pa tsiku lomaliza lotumizira kuti musinthe n'kulemba pamodzi, ndipo ndalama zimene munalipira mopitirira zimabwezedwa. Koma amene munalemba pamodzi simungasinthe n'kulekana pa 15 Epulo pakadutsa. Ngati tsikulo layandikira mapepala a kumudzi asanafike, tumizani fomu 4868 kuti akupatseni mpaka pa 15 Okutobala. Imeneyi imangotalikitsa nthawi yotumizira fomu, ndalama zimene mukuganiza kuti muli nazo ngongole mulipiretu mu Epulo momwemo. Ndipo bokosi lanu likasintha chifukwa cha ukwati, mwana kapena chisudzulo, kaperekeni W-4 yatsopano kuntchito kuti zodula za pamalipiro zigwirizane ndi gulu lanu latsopanolo.